Sikelo ikaima pomwe zitsulo zikupepuka: chochita pang'onopang'ono

Munthu akayamba kusamala kadyedwe ndi kunyamula zitsulo, masabata oyambirira sikelo imatsika mokondweretsa. Kenako imangoti nji. Sabata ikutha, ina ikubwera, nambala ndi yomweyo, chonsecho ku jimu chitsulo chomwe chinkavuta chayamba kupepuka. Ambiri akafika pamenepa amasiyiratu nsima kapena kuwonjezera kuthamanga mpaka mawondo kuwawa, ndipo potero amasokoneza ntchito yomwe inkayenda bwino. Sikelo imayeza zonse pamodzi: mafuta, minofu, madzi, mafupa ndi chakudya chomwe chidakali m'matumbo. Choncho muyambe mwadziwa chomwe chaima kwenikweni, kenako musinthe chinthu chimodzi pa nthawi.

1. Yezani bwino kwa masabata atatu musanasinthe chilichonse

Kwerani sikelo m'mawa uliwonse mukangochoka kuchimbudzi, musanadye kapena kumwa, mutavala zopepuka zomwezo. Sikeloyo ikhale pa simenti, chifukwa pa mphasa kapena pa kapeti imanama. Lembani nambala m'kope. Pakutha pa masiku 7, phatikizani manambala onse n'kugawa ndi 7. Nambala yomwe yatulukayo ndiyo yoti muziifanizira ndi ya sabata yatha. Ya tsiku limodzi ilibe tanthauzo lenileni, poti thupi limatha kusintha ndi kilogalamu imodzi kapena awiri pakati pa lero ndi mawa popanda mafuta kuchoka kapena kubwera.

Ngati mulibe sikelo yanu ndipo mumadalira ya kuchipatala, ya ku jimu kapena ija yolipira m'tauni, gwiritsani imodzi yomweyo, nthawi yofanana, kawiri pa sabata. Masikelo awiri kawirikawiri sagwirizana.

Pezaninso tepi ya telala. Kamodzi pa sabata, m'mawa, zungulizani tepiyo pamchombo mutaima chilili, mutatulutsa mpweya monga mwa nthawi zonse, osabweza mimba m'kati. Tepi igone pakhungu popanda kufinya. Yezaninso m'matako pomwe patakasuka kwambiri, ndi pakati pa ntchafu. Chachitatu choti muzilemba ndi za ku jimu: sewero lanji, makilogalamu angati, mwanyamula kangati pa seti iliyonse (seti ndi ulendo umodzi wonyamula motsatizana musanapume).

Pakatha masabata atatu kapena anayi, kope lanu likuuzani chimodzi mwa izi.

Sikelo yaima koma pamchombo pachepa ndi sentimita imodzi kapena awiri, ndipo zitsulo zikukwera. Apa palibe chomwe chaima. Mafuta akuchoka, koma madzi ndi minofu yatsopano zikubisa zimenezo pasikelo. Musasinthe kanthu.

Sikelo yaima, tepi yaima, mphamvu zikukwera bwinobwino. Ndiye kuti mukudya zofanana ndi zomwe thupi likugwiritsa ntchito. Yankho lili m'gawo 3 ndi 4.

Sikelo yaima, tepi yaima, mphamvu zikutsika, tulo sitikubwera, mukungokwiya ndi zilizonse. Thupi latopa. Dumphani mpaka gawo 8 musanachotse chakudya china.

2. Dziwani zomwe zimasunga madzi m'thupi

Mbali imeneyi ndiyo imasokoneza anthu ambiri onyamula zitsulo, choncho tiikhalire pang'ono. Minofu imasunga shuga woti igwiritse ntchito polimbana ndi zolemera, ndipo galamu iliyonse ya shuga wosungidwayo imakhala ndi magalamu pafupifupi 3 a madzi. Munthu wamkulu amatha kusunga magalamu 400 kapena 500 a shugayu. Mukayamba kunyamula zitsulo minofu imaphunzira kusunga wambiri, ndipo sikelo imawerenga madzi onsewo. N'chifukwa chakenso munthu akasiya nsima kwa masiku anayi amatsika makilogalamu awiri n'kusangalala, koma akangoiyambiranso onse awiri amabwerera usiku umodzi. Anali madzi.

Minofu yomwe yagwira ntchito yolemetsa imatupa pang'ono pochira, makamaka mukayamba sewero latsopano kapena mukawonjezera maseti. Tsiku lotsatira masikwati olemera (sewero lonjuta n'kudzuka mutasenza chitsulo), si zachilendo kupeza theka la kilogalamu lawonjezeka. Mchere nawonso umakoka madzi: chipisi cha pachiwaya, nsomba zouma zamchere, timibulu tokometsera ndiwo, soseji. Amene ayamba kumwa creatine, ufa womwe onyamula zitsulo ena amamwa pofuna kuwonjezera mphamvu, ayembekezere kilogalamu imodzi kapena awiri m'masabata oyamba. Amenewo ndi madzi a m'kati mwa minofu, sakukhudzana ndi mafuta.

Kwa amayi, masiku oyandikira msambo thupi limasunga madzi ofika kilogalamu imodzi kapena awiri. Fanizirani sabata yoyamba pambuyo pa msambo wa mwezi uno ndi sabata yomweyo ya mwezi watha. Kufanizira masabata oyandikana kumangopweteketsa mutu.

Koma pali malire. Mawu akuti "ndi minofu imeneyo" asakhale chotonthozera cha miyezi yonse. Minofu imamera pang'onopang'ono: mwamuna woyamba kumene, yemwe akudya ndi kugona mokwanira, amapeza pakati pa theka la kilogalamu ndi kilogalamu imodzi pa mwezi, mkazi pafupifupi theka la pamenepo, ndipo kuchuluka kwake kumachepa chaka ndi chaka. Ngati padutsa miyezi iwiri sikelo ndi tepi zonse zili pomwepo, minofu si yomwe yachititsa.

3. Lembani chilichonse cholowa m'kamwa kwa masiku 7

Pafupifupi aliyense amadya zambiri kuposa momwe amaganizira, ngakhale amene amasamala. Si bodza ladala ayi. Chipande chimakula pang'onopang'ono, ndipo zolawa popika siziwerengedwa. Kwa sabata imodzi lembani zonse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, osasintha kadyedwe pofuna kukometsa kope. Ngati mungabwereke kasikelo ka m'khichini, ndi bwino kwambiri.

Makalori ndi muyezo wa mphamvu zomwe chakudya chimapatsa thupi, ndipo malo omwe amakonda kubisala ndi awa.

Mafuta ophikira. Supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120. Wophika akamathira kuchokera m'botolo, mphika wa ndiwo wa anthu anayi umatha kulandira masupuni 6, kutanthauza makalori 180 kwa aliyense asanagwire n'komwe nsima. Mbale ya chipisi yolemera magalamu 200 imafika cha m'ma 600.

Shuga. Kasupuni ka tiyi kali ndi makalori 16. Timasupuni titatu m'kapu, makapu atatu pa tsiku, ndi makalori oposa 140. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi pafupifupi 125. Sobo ndi thobwa lothira shuga ziwerengedwenso, pakuti zakumwa sizikhutitsa monga chakudya chotafuna.

Mtedza ndi nsinjiro. Ndi chakudya chabwino ndithu, koma magalamu 100 ali ndi makalori pafupifupi 570. Dzanja limodzi la magalamu 30 ndi 170, ndipo palibe amalekera dzanja limodzi.

Nsima. Kuwerenga mitanda kumasocheretsa chifukwa mtanda wa kunyumba kwanu ndi wa kumalo odyera n'zosiyana. Chodalirika ndi ufa: magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi makalori pafupifupi 360. Mgaiwa ndi ufa woyera sizisiyana kwambiri pa makalori. Ubwino wa mgaiwa ndi woti umakhalitsa m'mimba, njala imachedwa kubwera.

Mapeto a sabata. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mwasala makalori 400 tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, onse pamodzi 2,000. Loweruka mwamwa mabotolo 6 a mowa, lililonse makalori pafupifupi 140, ndiwo 840. Mwawonjezera kanyenya ndi chipisi, ena 1,000 kapena kuposa. Lamlungu kuli ukwati. Ntchito ya masiku asanu yafafanizika, ngakhale munthuyo akunena zoona kuti "ndimasamala sabata yonse".

4. Chotsani pang'ono, pamalo amodzi kapena awiri

Pali chifukwa china chomwe sikelo imaimira ngakhale kadyedwe sikanasinthe. Thupi laling'ono limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa. Munthu amene watsika makilogalamu 10 amafuna makalori ochepera ndi 200 mpaka 300 pa tsiku poyerekeza ndi kale. Chakudya chomwe chinkamuchepetsa ali ndi makilogalamu 95 chimangomusunga pomwepo akafika 85.

Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ndi makalori pafupifupi 7,700. Kuti sikelo iyambenso kuyenda, chotsani makalori 200 mpaka 300 pa zomwe mukudya panopa. Kope la gawo 3 likusonyezani pochotsa. Mwachitsanzo, yezani mafuta ndi supuni n'kuchepetsa supuni imodzi pa gawo lanu, ndipo tiyi muzimwa ndi kasupuni kamodzi ka shuga m'malo mwa titatu. Pamenepo mwachotsa kale oposa 200 osakhudza nsima. Kapena siyani mandasi a m'mawa, muike mazira owiritsa awiri. Kapena chepetsani nsima ya madzulo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, malo akewo mudzaze ndi masamba: chisoso, bonongwe, nkhwani, mpiru kapena kabichi, ophika ndi tomato ndi anyezi popanda mafuta ambiri.

Liwiro loyenera ndi kutsika pakati pa theka la peresenti ndi peresenti imodzi ya kulemera kwanu pa sabata. Kwa munthu wa makilogalamu 80 ndiye magalamu 400 mpaka 800. Mukapitirira pamenepo kwa nthawi yaitali, gawo lina la zomwe mukutaya ndi minofu yomwe mwaivutikira. Musatsike pansi pa makalori 1,200 pa tsiku ngati ndinu mayi, kapena 1,500 ngati ndinu bambo, popanda kuyang'aniridwa ndi achipatala.

Nsima, mpunga kapena mbatata zomwe zatsala pa tsiku lanu muziike pafupi ndi nthawi ya jimu, maola awiri kapena atatu musanapite, ndiponso mukabwerako. Amene amalowa mu jimu m'mimba muli pululu atasala tsiku lonse amanyamula zochepa, ndipo patapita masabata angapo amadabwa kuti mphamvu zapita kuti.

5. Kwezani zakudya zomanga thupi

Mapuloteni ndiwo amateteza minofu pamene chakudya chachepa, komanso amakhutitsa kuposa china chilichonse. Muyezo wa munthu wonyamula zitsulo ndi magalamu 1.6 mpaka 2.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, tsiku lililonse. Wa makilogalamu 80 akufunika osachepera 130. Ngati ndinu wonenepa kwambiri, werengerani pa kulemera komwe mukufuna kufika, osati komwe muli.

Magalamu 130 amaoneka ambiri, koma amapezeka pamsika wamba popanda zitini zodula za ufa wa mapuloteni. Mazira atatu amapereka magalamu 18. Soya pisesi wouma wolemera magalamu 50 amapereka pafupifupi 25, ndipo ndi wotsika mtengo kuposa nyama. Usipa kapena matemba ouma olemera magalamu 40 amapereka oposa 20. Kapu ya nyemba zophika ndi cha m'ma 15, nkhuku yophika ya magalamu 100 ndi pafupifupi 28, kapu ya mkaka kapena chambiko ndi 8. Ufa womwe mumadya nawonso umawonjezera pang'ono. Gawani zimenezi pa zakudya zitatu kapena zinayi, chilichonse magalamu 25 mpaka 40. Malo ofooka kwa anthu ambiri ndi kadzutsa: tiyi ndi buledi kapena chigumu zilibe mapuloteni okwanira, ndipo njala ya 10 koloko imachokera pamenepo.

Chenjerani ndi kuwerengera mtedza ngati gwero lalikulu. Kuti mupeze magalamu 25 a mapuloteni mu mtedza mwadya makalori 570, pomwe mu soya pisesi simufika 200. Amene ali ndi matenda a impso afunse kaye dokotala asanawonjezere mapuloteni.

6. Musachepetse kulemera kwa zitsulo

Cholakwika chofala kwambiri sikelo ikaima n'kusiya zitsulo zolemera n'kuyamba kunyamula tating'ono ka 30, ati kuwotcha mafuta. Kulemera kwa chitsulo ndiko kumauza thupi kuti minofu ikufunikabe. Chizindikirocho chikachoka pomwe chakudya chili chochepa, thupi silionanso chifukwa chosungira minofuyo.

Masiku atatu pa sabata ndi okwanira, kusiya tsiku pakati, monga Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Tsiku lililonse likhale ndi sewero limodzi lonjuta monga sikwati, limodzi lowerama n'kudzutsa chitsulo pansi monga deadlift, limodzi lokankha monga bench press kapena mapushapu, ndi limodzi lokoka monga row kapena kudzikoka pachitsulo cham'mwamba. Pa lililonse chitani maseti atatu, kunyamula ka 6 mpaka 12 pa seti, ndipo lekani mukuona kuti mukadatha kamodzi kapena kawiri kena musanapindike msana. Pumani mphindi ziwiri pakati pa maseti a masewera akuluakuluwa.

Kukwera kwake kumayenda chonchi. Tiyerekeze mukuchita sikwati ndi makilogalamu 50 ka 8. Khalani pa 50 pomwepo mpaka mufike ka 12 m'maseti onse atatu. Kenako onjezerani makilogalamu 2.5 kapena 5 n'kubwerera ku 8. Pa nthawi yochepetsa thupi kukwera kumachedwa, ndipo kungosunga manambala anu pomwe thupi likupepuka n'kupambana kale. Chodetsa nkhawa ndi kutsika kwa mphamvu m'masewera angapo kwa masabata awiri kapena atatu otsatizana.

Amene alibe jimu asadandaule. Chigubu cha malita 20 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 20, ndipo chimakwanira pa masikwati, pokoka, ndi poyenda mutanyamula. Chikwama chothira mchenga chimalola kuwonjezera kilogalamu imodziimodzi.

Tinenepo pano za zinthu zina zomwe zimadya nthawi ndi ndalama. Masewera a pamimba amalimbitsa minofu ya pamimba koma sachotsa mafuta a pamalopo. Thupi limasankha lokha kochotsa, ndipo kwa ambiri pamimba ndi m'chiuno ndi pomalizira. Kuvala pulasitiki kapena lamba wotulutsa thukuta kumachotsa madzi omwe abwerera mukangomwa. Matiyi ambiri ogulitsidwa kuti ndi ochepetsa thupi amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Ndipo ola limodzi la zitsulo limawotcha makalori pakati pa 200 ndi 400 basi. Mawotchi ndi makina a ku jimu amakonda kukokomeza nambalayi, choncho musadzipatse mphoto ya chipisi potengera zomwe wotchi yanena.

7. Werengani mapazi, samalani tulo

Chakudya chikachepa, munthu amayamba kuyenda pang'ono osazindikira. Mtunda womwe ankayenda wapansi tsopano akwera kabaza, akafika kunyumba ndi pampando mpaka kogona. Zimenezi zimatha kumeza phindu lonse la kusala kwanu. Foni zambiri zimawerenga mapazi. Onani nambala yanu ya pa tsiku kwa sabata imodzi, kenako onjezerani 2,000 kapena 3,000, cholinga chikhale kufika pakati pa 7,000 ndi 10,000. Munthu wa makilogalamu 80 amawotcha makalori 50 mpaka 60 pa kilomita iliyonse, ndipo kuyenda sikutopetsa miyendo monga kuthamanga, kotero masikwati a mawa sasokonekera.

Tulo tikhale ta maola 7 mpaka 9. Wosagona mokwanira amamva njala yambiri, amalakalaka zotsekemera ndi zamafuta, ndipo amatha kutaya minofu yambiri m'malo mwa mafuta.

Sankhani chimodzi: kuchotsa makalori 250 kapena kuwonjezera mapazi. Mukasintha zonse tsiku limodzi simudzadziwa chomwe chathandiza, ndipo sikelo ikadzaimanso simudzakhala ndi china chotsala m'thumba. Mukasintha, dikirani masabata ena atatu mukuyeza monga m'gawo 1.

8. Nthawi yopumira

Ngati mwakhala mukusala kwa masabata 10 kapena 12 mosalekeza ndipo zizindikiro za kutopa zaonekera, pumani sabata imodzi kapena ziwiri. Onjezerani makalori 300 mpaka 500 pa tsiku, makamaka a nsima, mpunga, mbatata ndi zipatso, mapuloteni akhale pomwepo. Kupuma kumeneku n'kudya muyezo wosunga thupi, si chilolezo cha phwando. Ku jimu chepetsani maseti ndi theka kwa sabata imodzi koma kulemera kwa zitsulo kusasinthe kwambiri. Sikelo ikwera ndi theka la kilogalamu kapena kilogalamu yathunthu chifukwa minofu yadzazanso shuga ndi madzi, musachite mantha. Phindu lake lalikulu ndi loti njala imaphwa, mphamvu zimabwerera, ndipo mumayambiranso ndi mutu wabwino.

Dzifunseninso ngati kutsika kwina kukufunikadi. Muyezo wosavuta ndi woti pamchombo pasapitirire theka la msinkhu wanu: wa masentimita 170 akhale pansi pa 85. Bungwe la World Health Organization limati chiopsezo cha matenda chimayamba kukwera pamimba pakapitirira masentimita 94 kwa abambo ndi 80 kwa amayi. Amene wafika pansi pa malire amenewa ndipo akulimba akhoza kungosunga thupi pomwepo n'kumakweza zitsulo.

9. Zomwe zimafuna achipatala

Mankhwala ena amachititsa thupi kunenepa kapena kusunga madzi: prednisolone, insulin, glibenclamide, mankhwala ena a matenda a maganizo, ndiponso kwa amayi ena jakisoni wolera wa Depo-Provera. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, omwe ku Malawi anayamba kuperekedwa kwa anthu ambiri mu 2019, amawonjezera thupi kwa ena, makamaka amayi. Musasiye kapena kuchepetsa mankhwala aliwonse panokha pofuna kusangalatsa sikelo. Tengani kope lanu, mukaonetse amene amakupatsani mankhwalawo, mukambirane. Odwala shuga omwe amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide azinena asanachepetse chakudya, pakuti shuga amatha kutsika moopsa, makamaka pambuyo pa masewera.

Pitani kuchipatala ngati kutopa kukuphatikizana ndi kumva kuzizira nthawi zonse, kudzimbidwa, khungu louma ndi tsitsi lothothoka, chifukwa chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, chikafooka chimaoneka chonchi ndipo amachiyeza m'magazi. Mayi amene msambo wasowa miyezi itatu ali wosayembekezera asiye kusala ndipo akaonane ndi dokotala, poti nthawi zambiri chimenecho ndi chizindikiro chakuti thupi likulandira zochepa poyerekeza ndi ntchito yomwe likugwira. Ndipo ngati sikelo yakwera makilogalamu awiri kapena kuposa m'masiku awiri kapena atatu, mapazi atatupa ndipo mpweya ukuvuta mukagona chagada, musadikire tsiku lina, chifukwa vuto likhoza kukhala la mtima kapena impso.